Agogo Obwereka a Bwana Kitti

"Mtondo ulibe miyendo," anatero alamu anga, a Buaphan. "Sungatsike wokha masitepe, n'kukwera basi, n'kukayamba ntchito m'tauni. Wautenga ndani?"

Mwana wanga wamkazi Lamduan ankapesa tsitsi pagalasi, yunifolomu yake yakuda ili pachitseko. Ine ndinali pansi, ndikumasula fani ya aneba. Pakona pamene pamakhala mtondo wa malemu mkazi wanga, Khampong, panangotsala chizindikiro chozungulira pasimenti. Pakhoma panatsala msomali wopanda chithunzi.

"Ndikufunsa iwe wa tsitsi lalitaliwe."

"Amayi aakulu, ndangobwereka."

"Wabwereka kwa yani? Mwini wake ndi phulusa, ali mumtsuko kukachisi. Unakagogoda pamtsukopo?"

"Ndinawauza ababa."

"Alamu, anakuuzani?"

"Ananena," ndinatero.

"Inu munati chiyani?"

"Sindinayankhe."

"Mwamvatu," anatero Lamduan. "Sanakane."

"Atate akowa anayamba ayankhapo liti? Zaka makumi atatu mng'ono wanga akuwaphikira, mawu awo anali awiri okha: tsabola wachepa. Chikome chotani, tsabola wachepa. Ndi tsiku la ukwati lomwe ndinachita kuwayankhira ndine."

Lamduan anaika chipeso pansi n'kufotokoza. Abwana ake, a Kitti, anali atatsegula lesitilanti yatsopano mumsewu wa mabala a mowa. Pachikwangwani analemba kuti zakudya zenizeni za kumudzi. Ankafuna zinthu zakale zoika pakhomo kuti alendo akhulupirire. Iye anangotchula kuti kwawo kuli mtondo wadothi umene amayi ake anasinjiramo somtam, chakudya cha papaya wosapsa ndi tsabola, zaka makumi awiri, pangolo yathu yogulitsira zakudya, mumsewu womwewo. Bwana anasangalala kwambiri. Analonjeza kuti mwezi ukamatha Lamduan ndiye adzakhale mkulu wa khitchini.

"Mumsewu womwewo," anatero a Buaphan. "Umene a khonsolo anatithamangitsamo kuti tikudetsa mzinda wa Bangkok. Ngolo inali uve, koma mtondo wa pangolopo lero wayera?"

"Zinthu zinasintha, amayi aakulu."

"Zinasinthadi. Kale ankathamangitsa munthu ndi katundu yemwe. Lero atenga katundu, munthu amusiya."

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusenda adyo wa eni ake! Mwayi wandipeza kamodzi, mukufuna ndiutaye chifukwa cha dothi?"

Ndinapukuta manja. "Mwezi ukakhala wathunthu, mtondowo ubwere."

Onse awiri anatembenuka. Sanazolowere kuti ndiyambe ndine.

"Tsiku lodyetsa akufa," ndinatero. "Amayi ako amadya za mumtondo wawo."

"Ababa, kwatsala milungu itatu yokha. Sindingauchotse ndisanakhazikike pa udindo. Ndikugulirani wina. Mitondo ili mbwee kumsika."

"Wawo."

"Akufa amasiyanitsa mitondo?"

"Amayi ako ankasiyanitsa mandimu a mtengo umodzi," anatero a Buaphan. "Ukuganiza kuti imfa yawachotsa matama?"

Lamduan anavala yunifolomu n'kutuluka. Chitseko sanamenyetse. Ndi mwana woleredwa bwino.

Munsi sanautenge. Umakhala kumutu kwa mphasa yanga. Anthu ndimawauza kuti ndi wa akuba. Kwathu ku Roi Et amati mkazi umamumva usanamuone, ndipo ine ndinamumva Khampong kuseri kwa mpanda: kawiri mwamphamvu, kamodzi mopepuka, kenako supuni n'kugogoda m'mbali. Ndinaima pamenepo mpaka njati yanga yolimira inadya mpunga wa eni ake.

Lachitatu madzulo ndinavala malaya oyera n'kukwera basi.

Msewu unali ukudzuka kumene. Magetsi ofiira ankayaka limodzilimodzi. Atsikana a m'mabala anakhala pamipando yaitali, akupaka milomo uku akudya za m'mapulasitiki. Pamene pankaima ngolo yathu anaikapo miphika ya maluwa. Lesitilanti inali moyang'anana napo, khoma lake lonse galasi. Mtondo ndinauona ndisanawoloke. Unali pashelefu, nyale ikuuwalira, m'kati mwake maluwa apulasitiki. Pamwamba pake Khampong ankaseka m'felemu yagolide imene sinali yathu.

Pakhomo panaima mlonda wovala jekete. Pachifuwa panalembedwa Sawai.

"Agogo, katundu amalowera kumbuyo."

"Ndabwera kudzadya."

Anandiyang'ana kumapazi. "Munalembetsa tebulo?"

"Matebulo alibe anthu."

Atamva kalankhulidwe kanga anatsitsa mawu, n'kusiya chilankhulo cha m'tauni. "Ndinu a kuti, atate?"

"Roi Et."

"Ine Yasothon. Ndife amodzi. Musandiike m'mavuto, chonde. Lamulo lake ndi nsapato zotseka."

Nthawi yomweyo mzungu wina anatidutsa, kabudula wamaluwa, mapazi ofiira. Sawai anamuikira manja pamodzi n'kumutsegulira.

"Uyo wavala mapatapata," ndinatero.

"Mapatapata a mzungu ndi nsapato, atate."

"Iwe unadyamo?"

Anaseka. "Ine? Ndimadyera kuseri, pafupi ndi mabini. Ndi ophika omwe amadyera komweko. Khomo ili si lathu. Lathu lili ndi makoswe."

Ndinawoloka msewu. Anyamata a njinga zamoto anandipatsa kreti. Ndinakhala, ndikuyang'ana mkazi wanga. Ndinatchera khutu. Nyumba yogulitsa somtam imamveka munthu ali patali. Iyi inali zii. Kunkangomveka ng'oma za m'mabala.

Mawa lake ndinapitanso. Ndi mkuja womwe. Ndinkafika faifi, eyiti ikakwana n'kunyamuka. Mvula ikagwa ndinkatsegula ambulera. Atsikana a bala la pafupi anayamba kunditcha mkamwini. "Mkamwini wafika! Lero musankha ndani?" Wina anati ndine wapolisi wachinsinsi. Wina anati ndikudikira mkazi amene anathawa ndi mzungu. Uyu ndiye anayandikira zoona.

Patatha sabata ndi theka, Lamduan anandipeza m'mawa ndikumanga fani. A Buaphan anali atafika kale, bolodi lawo la matikiti a lotale lili pamiyendo, akumwa khofi wanga.

"Ababa, musiye."

"Chiyani?"

"Kukhala pakreti paja. Bwana akuti mukuopseza alendo. Anzanga akufunsa kuti nkhalamba ija ndi ndani."

"Unati?"

Anayang'ana pansi. "Ndinati sindikuidziwa."

Ndinamanga sikuluwu. Inali yomanga kale.

"Usadandaule, mwana wanga," anatero a Buaphan. "Ukawakana iwe, wina wawatola. Alamu, konzekani, muli ndi mdzukulu wolemera."

"Amayi aakulu, musayambe."

"Ndiyambe chiyani? Ndagulitsa matikiti mumsewu umenewo iwe usanamere mano. Woperekera zakudya wina wandiuza zonse. Bwana wako amazungulira matebulo, dzanja pamtima. Akuti mayi ali pachithunziyo ndi agogo ake. Akuti anamulera kumudzi, akusinja iye ali kumsana. Munthu wobadwira m'nyumba ya masitepe, woti njati anaionera pa kanema!"

"Ndi nkhani ya malonda chabe."

"Mng'ono wanga anabereka mwana mmodzi, mwanayo sanakwatiwe n'komwe. Mdzukulu wa zaka makumi anayi wachokera kuti? Alamu, kapena pali zimene munatibisira?"

"Ayi," ndinatero.

"Mwamva? Akana. Lembani tsikuli."

Lamduan anaseka pang'ono osafuna, kenako maso anadzaza misozi. "Mukuganiza kuti ine sizindiwawa? Ndikamapita kukatenga ayezi ndimadutsa pansi pa chithunzicho. Koma ndikakhala mkulu ndidzasintha zinthu."

"Samasinja," ndinatero.

"Ndani?"

"M'nyumbamo. Sindinamve munsi."

Anakhala pa mphasa. "Tili ndi makina. Msuzi timaugaya m'mawa, wa tsiku lonse, n'kuuthira m'mabotolo. Bwana akuti phokoso la munsi limasokoneza nyimbo."

"Nanga plara?" anafunsa a Buaphan.

"Nsomba zovunditsa salola. Akuti fungo lingathamangitse alendo. Timaonjezera shuga. Tsabola ndi mmodzi, wochotsa njere."

"Mmodzi! Ndiye zenizenizo ndi ziti?"

"Mtondo," anatero Lamduan motsitsa. "Ndi chithunzi."

Kunja wogulitsa makala anadutsa akuitanira.

"Kwatsala masiku khumi," ndinatero.

"Ababa, ndikaupempha lero, udindo apatsa wina. Ndikupemphani. Chaka chino chokha."

Atapita, a Buaphan anapukusa mutu. "Apa khoswe wakhala pa mkhate. Mukamenya khoswe, mwaswa mwana. Koma inunso alamu, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukhala pakreti mpaka mudzamere mizu?"

"Ndilibe nsapato."

"Basi? Vuto lonse n'limeneli? Mukanatsegula pakamwa sabata yatha!"

Anabwera nazo kutatsala masiku awiri. Zinali zachikopa, zakuda, zazitali ngati mabwato. Mzungu wina woledzera anaziiwala ku bala la mnzawo. M'katimo anafutsamo nyuzipepala. Tebulo anatilembetsera kasitomala wawo wa lotale, m'dzina lake.

"Yendani ndione. Ayi, musakoke mapazi ngati muli m'matope. Tukulani. Ha, koma Khampong akanaona! Zobwereka sizichedwa kuvuka, muziyenda pang'onopang'ono."

Iwo anavala siketi ya silika ya paukwati wa eni ake, n'kunyamula chikwama chachikulu. Ine ndinatenga ambulera, munsi nditaukulunga m'kati. Sindinadziwe chifukwa chake. Ndinangoona kuti sungatsale wokha.

Sawai anayang'ana nsapato, anayang'ana ine, anayang'ana buku.

"Zotseka," ndinatero.

"Zotsekadi, atate. Mungatsekeremo ndi mwana yemwe." Anatsegula chitseko, akuluma milomo.

M'katimo munkazizira ngati mosungira nsomba. Anatikhazika pakona, kuseri kwa mzati. A Buaphan anakana. Anati maso awo ndi okalamba, akufuna pafupi ndi nyale. Tinakhala pansi penipeni pa Khampong.

Anabweretsa somtam m'mbale yoyera yotakata, duwa lili pambali. Mpunga womata unali m'kadengu kakang'ono ngati chisa cha timba. Mtengo wa mbaleyo unali wa mbale khumi za pangolo. Ndinaumba mpunga ndi zala n'kusunsa. Woperekera anandisuntira foloko. Ndinaibweza.

"Zili bwanji, alamu? Nenani mawu anu aja."

Ndinatafuna. Papaya anali bwino, wodula ndi dzanja lodziwa. Zina zonse zinali madzi a shuga.

"Palibe chonena," ndinatero.

"Mayo! Ndi tsabola wachepa yemwe zalephera kufikapo."

Bwana Kitti anali atayamba kuzungulira. Munthu wosalala, wonunkhira, waulemu ndithu. Anaima pa tebulo la alendo anayi pafupi nafe, dzanja pamtima, n'kuloza chithunzi. Ananena m'chizungu, kenako anabwereza m'chilankhulo cha m'tauni chifukwa awiri anali a momwemo.

"Agogo anga amenewo. Zonse mukudyazi ndinaphunzira pamiyendo pawo. Ndikatseka maso ndimamvabe munsi wawo."

A Buaphan anaimirira, manja atatambasula.

"Mdzukulu wanga! Ndiwe? Bwera kuno ndikununkhize patsaya! Wakula bwanji! Ine ndine mkulu wawo wa agogo akowo. Awa ndi agogo ako aamuna, apatse moni. Pamaliro sitinakuone, koma tinadziwa kuti ndiwe wotanganidwa."

Alendo a m'tauni aja anamwetulira, n'kumasulira anzawo. Azungu anagwira pamtima. Mmodzi anatulutsa foni.

Bwana anandiyang'ana bwinobwino. Ndikuganiza kuti anaona kreti pankhope yanga.

"Amayi, mwina mwasokoneza," anatero monong'ona, akumwetulirabe.

"Ankasinja ndi dzanja liti?" ndinafunsa.

"Pepani?"

"Agogo anuwo."

"Lamanja, ndithu."

Ndinaimirira. Nsapato imodzi inatsala pansi pa tebulo, ndinabwerera kukailowa. Ndinachotsa maluwa apulasitiki, n'kutsitsa mtondo kuuika patebulo pathu. Mlomo wake ndi wodyeka mbali imodzi, pamene munsi wa munthu wamanzere unkakhula zaka makumi awiri. Ndinamuonetsa ndi chala.

"Bambo, zimenezo ndi zokongoletsera. Sizogwira."

Ndinamasula ambulera.

"Alamu, musasinje mtondo wopanda kanthu!" anakuwa a Buaphan. "Mabere adzakugwani mpaka m'mawondo. Kenako muzidzati sindinanene." Anatsegula chikwama chawo. Munali adyo, mandimu, tomato, papaya wodula kale, tsabola wodzaza dzanja, ndi botolo lokulunga m'mapulasitiki atatu. "Mumayesa ndavala silika kudzaona nkhope yanu?"

Ndinaponyamo adyo ndi tsabola khumi. Ndinayamba.

Sindine wodziwa kusinja. Ntchito yanga inali kukankha ngolo ndi kuwotcha nkhuku. Koma mtondo wadothi uli ndi mawu ake, ndipo unakhala chete milungu itatu. Unamveka nyumba yonse. Nyimbo zinachepa mphamvu. Chitseko cha khitchini chinatseguka, mutu umodzi n'kusuzumira, kenako wachiwiri. Anatuluka asanu, maepuloni ali m'chiuno, onse nkhope za kwathu. Lamduan anali kumbuyo.

Bwana anamuona. Mawu ake anali ofatsa.

"Lamduan, anthu awa ukuwadziwa?"

Sindinamuyang'ane mwana wanga. Ndinayang'ana adyo. Akanati ayi sindikanamusungira kukhosi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndi zambiri.

Ndinamva mapazi ake akubwera.

"Ndi ababa anga, bwana. Pachithunzipo ndi amayi anga." Anapuma. "Ndipo akusinja ngati akukhoma msomali. Ababa, patseni kuno musanauswe."

Anautenga ndi dzanja lamanzere. Kudzanja lamanja anagwira supuni. Kawiri mwamphamvu, kamodzi mopepuka, supuni n'kugogoda m'mbali. Sindinadziwe kuti anaphunzira. Kunyumba sankaugwira, ankati ndi zachikale. Ndinakhala pansi, chifukwa nsapato zija zinandilemera.

A Buaphan anatsegula botolo. Plara anachita zimene plara amachita. Mayi wina wa ndolo zazitali anatseka mphuno ndi kansalu n'kupempha tebulo la kutali. Ophika anapumira m'mwamba ngati anthu amene amva mvula yoyamba. Mzungu wa foni uja anapempha kulawa. Analawa. Anafiira, anakhosomola, analira, anamwa madzi a mnzake, n'kutambasulanso foloko.

"Ndani ananena kuti tsabola wakale sawawa?" anatero a Buaphan. "Mupatseni mpunga asafere pano, angatitsekere."

Mafoni anali atachuluka. Bwana Kitti anawayang'ana, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha ngati ya munthu amene watola ndalama pamsewu. Anawomba m'manja, alendo n'kutsatira. Kenako anawerama pafupi ndi khutu langa.

"Bambo, tasemphana chabe. Tamverani. Muzibwera madzulo aliwonse. Tikuikirani mphasa pakhomo, mwana wanu azisinja, inu muzikhala pambali. Tikupezerani chipewa cha kumunda ndi nsalu ya m'chiuno. Nsapatozo musavutike nazo. Opanda nsapato ndiye bwino kwambiri."

"Opanda nsapato," ndinatero.

"Eetu. Zimaoneka zenizeni."

"Awo azidyera kuti?" Ndinaloza ophika.

Anaseka pang'ono. "Ali ndi malo awo."

"Mwamva, alamu?" anatero a Buaphan. "Wayamba ndi agogo aakazi, tsopano akufuna ndi aamuna omwe. Mawa adzafuna ine andiike m'botolo."

Ndinakhuthulira somtam m'mbale yoyera ija, pamwamba pa duwa. Ndinapukuta mtondo ndi mpunga, n'kudya mpungawo. Kenako ndinavula nsapato. Ndinaziika pashelefu, nyale ikuziwalira, n'kulowetsamo maluwa apulasitiki, theka uku theka uku. A Buaphan anakwera pampando ndi silika wawo, anatulutsa chithunzi, felemu n'kuibwezera pamsomali.

"Yagolideyo ndi yanu, mdzukulu wanga. Sife akuba."

Bwana sanakuwe. Pamaso pa mafoni munthu sakuwa. Anangoti, "Lamduan, tikambirana mawa."

Lamduan anayamba kumasula epuloni. Ndinamugwira dzanja.

"Bwerera."

"Ababa..."

"Mpunga ukupserera."

Anamanganso epuloni, n'kunyamula mbale ya somtam kupita nayo kwa anzake. Sanalowe nayo kukhitchini. Anadyera pomwepo, ataimirira, ndi zala, alendo akuona.

Ndinanyamula mtondo pachifuwa. Pakhomo Sawai anali atayang'ana kumsewu ngati sanamve kanthu. A Buaphan anamupanikiza m'manja kapulasitiki kamene anapatula.

"Tenga, mwana wa ku Yasothon. Udyere pompano. Makoswe adya zokwanira."

Anayang'ana mapazi anga. "Atate, lamulo silinena za potuluka," anatero, n'kutsegula chitseko mpaka kumapeto.

Kutsidya atsikana a pabala anaona mtondo ndi chithunzi. "Mkamwini wamupeza mkazi wake!" Anyamata a njinga zamoto analiza mahutala. Ndinayenda mpaka pa basi, simenti ikutentha kumapazi.

"Akulu anati ukayenda siya phazi," anatero a Buaphan tili m'basi. "Inu mwasiya nsapato za eni ake. Mzungu uja akadzazifuna ndidzamuuza kuti zinakwezedwa pantchito."

Tsiku lodyetsa akufa ndinadzuka kusanache bwino. Ndinali nditadula masamba a nthochi okulungira chakudya, mpunga uli pamoto. A Buaphan anafika ndi nkhuku yowotcha ndi fodya wotafuna amene mng'ono wawo ankakonda mobisa. Amonke a kukachisi amayamba kulandira chakudyacho dzuwa likangotuluka. Ndinakhala pansi, mtondo pakati pa miyendo, ndikuuyang'ana.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Lamduan anatuluka, maso otupa.

"Sunthani, ababa."

Ndinasuntha.

"Nanga akuti chiyani mdzukulu wathu?" anafunsa a Buaphan.

"Sanandichotse. Akuopa mafoni. Koma ukulu wapatsa mwana wa mlongo wake, amene anaphunzira kuphika kunja. Ine ndabwerera ku adyo."

Mpunga unkatulutsa nthunzi.

"Ndi ine," ndinatero.

"Si inu. Anandifunsa ine." Anasenda adyo ndi chikhadabo, mofulumira. "Dzulo anzanga awiri andifunsa ngati kumsika wa pansi pa mlatho kuli malo a ngolo. Sindinawayankhe. Ndatengera kwa inu."

"Nanga pashelefu paja?" anatero a Buaphan.

Lamduan anayamba kuseka, misozi ili m'maso. "Wagula mtondo wina kumsika, waudetsa ndi makala. M'felemu muja mwalowa mayi wina wa mano awiri. Akuti ndi agogo ake a kuchimuna."

"Munthu uyu agogo samuthera! Ife tikuvutika kudyetsa wakufa mmodzi, iye ali nawo a m'sitolo."

"Nsapato zija wapatsa Sawai. Zamukwana."

Anayamba kusinja. Kawiri, kamodzi, supuni. Aneba a kuseri kwa khoma anasiya kutsuka mbale. Chithunzi chinali chitabwerera pamsomali wake, chopanda felemu, chopindika pakona. Ndinayang'ana fani ya eni ake, chifukwa inafunika kuiyang'ana.

Atamaliza anapatula za amayi ake patsamba la nthochi, n'kukulunga bwinobwino. Anatapa pang'ono ndi supuni n'kundipatsa. Anali atathiramo tsabola khumi ndi awiri, ndinawerenga. Lilime linayaka. Thukuta linatsika kuseri kwa makutu.

"Zili bwanji, ababa?"

A Buaphan anasiya kumanga nkhuku. Onse awiri ankandidikira.

"Tsabola wachepa," ndinatero.

Lamduan anaphimba nkhope ndi dzanja la munsi, mapewa akugwedera. Kaya ankaseka kaya ankalira, sindinafunse.

"Mwamva, Khampong?" anatero a Buaphan, akuyang'ana pakhoma. "Wakhoza mayeso. Tiyeni, amonke sadikira, ndipo alamu ayenda pang'onopang'ono. Anazolowera nsapato."